Kamzere Kamodzi ku Alston

M'mudzi muno foni imagwira malo atatu:
pakona ya khoma la kumanda,
pachipata cha nkhosa za a Raine,
ndi pawindo la bafa la a Hetherington
ukanyanyamphira, mkono uli kunja.
Malowa ndawaloweza
ngati miyala yopondapo powoloka mtsinje.

Miyezi khumi ndi inayi ndalipira.
Iwo tsiku lawo saliphonya,
dzanja lawo limalowa m'banki mwanga osaodira.
Koma ine ndikawafuna, ali kuseri kwa phiri.

Lachiwiri lija ndinkasintha nsalu za pabedi,
a Hetherington akundiitana dzina la malemu akazi awo,
foni inanjenjemera m'thumba la yunifolomu.
Ndinathamanga ndi masilipasi, mvula ili waa,
mpaka pachipata.
Tilinao, ku Mponela, mpweya uli m'mwamba:
"Amayi, zotsatira zatuluka... khoz..."
Basi. Zii.

Khoz.
Ndakhoza? Sindinakhoze?
Mutu wa mawu unakodwa m'mitambo,
mchira unagwera m'chigwa,
ine anandipatsa pakati pokha.
Ndinakweza foni kumwamba ngati wopereka nsembe,
nkhosa makumi awiri zikundiyang'ana, zikubzikula.
Usiku wonse ndinagona ndi theka la mawu pansi pa lilime.

M'mawa, pakhoma la kumanda, chala chitauma ndi chisanu,
uthenga unalowa motsimphina, utachedwa maola khumi ndi asanu:
mapointi 19.
Ndinalulutira.
Pepani inu ogona pansi pa miyala ya ndere,
nthungululu simunaimvepo,
koma mwana wanga wakhoza
ndipo ine ndamva mochedwa kuposa woyandikana naye nyumba.

Masana omwewo ndinawaimbira eni netiweki,
nditaima pomwepo, poti kwina sakanandimva.
Anandiimbira nyimbo mphindi makumi anayi.
Kenako mnyamata waulemu:
mapu athu akusonyeza kuti kwanuko imagwira bwino.
Ndinati bwerani ndi mapu anuwo, mudzaime nawo m'khitchini.
Anati tikuchotserani mapaundi atatu.
Anati tikuwonjezerani bandulo.
Mwamuna akaona chikwama chili pakhomo
ndi pomwe amakumbukira kugula chitenje.
Ndinati ndipatseni nambala yosamukira, achimwene,
sitinayambane, koma ukwati wa mbali imodzi watha.

Loweruka, basi ya ku Penrith.
Mtsikana wa ndolo pamphuno anabaya foni ndi kasingano,
inalavula kakhadi kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Kanthu aka ndi komwe kanandinyowetsa mvula chaka chonse?
Anati nambala yanu simutaya.
Ndinapuma. Nambala imeneyi amayi anailemba ndi khala
pakhoma la kuchipinda, pafupi ndi kalendala ya tchalitchi.

Tsopano timizere tinayi, njo, m'khitchini momwe.
Imagwira pabedi, imagwira m'chimbudzi,
imagwira ndikamawadyetsa phala a Hetherington.
Tilinao ndimamuona nkhope yonse, ndi kachiphuphu ka pachibwano.
Komanso andipeza onse:
alamu a feteleza,
msuweni wa njinga yamoto yomwe yafanso,
a komiti ya denga la tchalitchi,
ndi abwana, ofuna ndigwire shifiti ya Lamlungu.
"Netiweki inavuta" linali bodza langa loona,
ndalitaya ndekha ndi siginecha.

Dzulo ndinapitabe kuchipata kuja.
Foni ndinaisiya pa firiji, ikulira yokha.
A Raine anadutsa pa thirakitala, anakweza chala chimodzi,
moni wa kuno.
Nkhosa ina ya utoto wofiira pamsana inandiyandikira,
kudikira kuti ndifuule monga kale,
halo, halo, mukundimva?
Ndinangoti: wakhoza, iwe. Akupita ku koleji.
Inandiyang'ana pang'ono,
n'kubwerera ku udzu wake.