Galimoto ya Masiku Atatu

Zaka zinayi ndakhala ndikutsuka galimoto zobwereketsa
pachilumba cha Kupro,
kupopa mchenga wa nyanja yamchere pansi pa mipando,
kutola timakobidi ndi zipewa za ana zoiwalika.
Alendo ankabwera atapsa ndi dzuwa, nasaina, nanyamuka,
ine n'kutsala ndi paipi m'manja.
Kiyi ndinkamugwira pongosuntha galimoto
kuchoka ponyowa kupita pouma.

Lero wobwereka ndine.
Pa Nchalo, kuseri kwa chigayo,
Bambo Alufandika akundizungulitsa Siyenta yawo yotuwa
ngati akundionetsa ng'ombe ya malowolo:
apa idakhulidwa ndi ngolo,
apa ndi mwala wa thirakitala ya nzimbe,
chitseko ichi musamenyetse, chili ndi mtima wake.
Fomu palibe. Alemba dzina langa pa katoni ya sopo,
nafunsa, "Ndinu mwana wa yani?"
Inshuwalansi yake ndi imeneyo.

Masiku atatu. Mafuta anu. Tayala likaphulika, lanunso.

Ndatsitsa zenera, chigongono panja
monga ndinkawaonera aja.
Mphepo ikuwotcha ngati yochokera mu uvuni wa njerwa.
Pa Ngabu ng'ombe zadzaza msewu, hutala sizikumudziwa.
Pa Sorjini ndanyamula mayi wina ndi nkhuku zake zitatu,
kuiwala kuti nthenga pamipando
ndi zomwe ndinkatukwanira chamumtima kunja kuja.

Ndimafuna Esinta aone.
Ndidamusiya akuphunzira kuima chogwira mtondo.
Ndimafuna fumbi lifike pakhomo ine ndisanafike,
ana athamange pambuyo,
anzake amufunse: ababa ako ndi amenewo?

Kupitirira Bangula msewu wandithera m'maso.
Pa Mtayamoyo, madzi okhaokha.
Zuze, mwini mwadiya, waseka mpaka kutsokomola:
"Achimwene, ku Makhanga masiku ano n'kuchilumba.
Kodi yanuyo imasambira?"

Chilumba.
Ndachoka pa china, china chikundidikira kwathu.

Ndaiimika pansi pa msangu,
ndamulonjeza kangachepe mnyamata wogulitsa milamba youma
kuti aziiponyera diso.
Nsapato m'manja, sutikesi pamutu.
Mwadiya ukung'amba namasupuni,
kumbuyo Siyenta ikuchepa, ikuchepa,
ikudya ndalama zanga ili chiimire.

Esinta sanaone fumbi.
Waona munthu wamatope mpaka m'maondo
nabisala kuseri kwa chitenje cha amake.
Usiku wachiwiri ndi pomwe wabwera yekha,
napisa dzanja m'thumba langa.
"Ichi n'cha chiyani?"
"Cha galimoto."
"Ili kuti?"
"Kutsidya."
Wayang'ana amake:
"Zonse za ababa zimakhala kutsidya."

Udzudzu unalira usiku umenewo,
koma si umene unandimana tulo.

Tsiku lachitatu ndamukweza mu mwadiya, kiyi ali m'manja mwake.
Akudina kabatani kuloza bango, kuloza kakowa,
kuloza mphuno za mvuu patali,
palibe chikuyankha.
Zuze akuti, "Limbikira, mwana, mwina mvuu itseguka."
Tatsala pang'ono kukocheza, wadinanso,
ndipo pansi pa msangu
maso awiri achikasu aphethira.
Wakuwa mpaka mwadiya wapendama.
"Yandiona! Ababa, yandiona!"

Mbalame zainyera denga lonse.
Pa fumbi la zitseko ana ajambula nsomba,
wina walemba dzina lake molakwitsa.
Ndamuyendetsa Esinta mamita ochepa chabe,
kukafika pa mjigo n'kubwerera,
iye atakhala tsonga ngati mkwatibwi.

Kenako ndabwereka ndowa.
Manja sanandifunse, akudziwa okha poyambira:
denga, magalasi, matayala pomaliza.
Esinta akutunga, akuthira pomwe ndatsuka kale.

Pa Nchalo Bambo Alufandika aizungulira kawiri,
napisa chala pansi pa mpando, nachiyang'ana.
"Chigulireni, palibe adaibwezapo yoyera chonchi.
Kunjako mumagwira ntchito yanji?"
Ndawapatsa kiyi wawo.
Akadali wofunda.