Nthawi, Malo, Dzina

Fomu imene anandipatsa ili ndi mabokosi atatu:
nthawi, malo, dzina.
Kunsi kwake kuli kampata kolembamo zimene ndaona,
kochepa ngati chikhatho cha khanda.

Ndine Perpetua Lumawag.
Masiku ena onse ndimagulitsa mankhwala
m'kasitolo koyang'anana ndi fakitale ya shuga
pa chilumba cha Negros.
Lero ndakoleka chiphaso m'khosi,
ndadzipanikiza pa desiki ya mwana wa pulayimale,
mawondo akugunda thabwa.

6:40. Lole ya ku esiteti yafika.
Odula nzimbe akutsika mmodzimmodzi,
mikono yochekekachekeka ndi masamba.
Kapitawo waima pa geti ndi kope lake.
Iye akulemba, inenso ndikulemba.
Sitinapatsane moni.

8:15. Bambo wina wa imvi
wagwira cholembera ngati khala la moto.
Potuluka wandinong'oneza:
"Mayi, akuti makinawa amaona nkhope.
Akuti pofika Lachitatu
adzakhala atadziwa denga loti asasule."
Ndamuuza kuti ndi bodza.
Wavomera ndi mutu, maso ali ku geti.
Dzina lake ndikulidziwa bwino,
amagula mafuta opaka msana mwezi ukatha,
koma m'bokosi ndangojambula mzere.

Buku lathu likuti mfuti ziime kutali,
mamita makumi asanu kuchokera pakhomo.
Ndayesa ndi mapazi anga, ngati ndikupita kukataya madzi.
Khumi ndi limodzi.
Ndabwereza pobwerera, mwina ndinalakwitsa.
Khumi ndi limodzi.

11:05. Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa zimbudzi.
Jomari, mnyamata wa njinga yamoto ya mawilo atatu,
amene kuyambira mbandakucha wakhala akututa nkhalamba
kuchokera kumtunda osalipiritsa,
afunsidwa kuti petulo wamugulira ndani.
Asanayankhe, khofi.
Lachiwiri lamugwetsera chipewa m'matope.
Makiyi alowa m'thumba la yunifolomu.
Mzere wonse wa ovota wayang'ana zala zakumapazi.
Amayi asanu ndi awiri achoka pamzere mwakachetechete,
maambulera osatsegula.
Ndawawerenga. Ndiyo ntchito yanga, kuwerenga.

Dzanja langa linanjenjemera,
chithunzi choyamba chinangogwira nthambi.
Chachiwiri chinagwira zonse.

"Bweretsani foniyo."
Pachifuwa pake, pamene pamakhala dzina,
wamatapo tepi yakuda.
Ndamupatsa. Wafufuta. Wandibwezera mwaulemu.
Sanadziwe kuti chapita kale ku Bacolod,
kwa loya wamkazi amene sindinamuonepo,
amene amangoyankha liwu limodzi: talandira.

Tepi yakuda!
Ngati kuti si iye anagogoda pa zenera langa
mwezi wathawu, usiku wa chimvula chija,
mwana wake wamkazi akubanika ndi mphumu,
ine n'kumupatsa mankhwala pa ngongole
osafunsa kuti abweza liti.

Cholembera chinaima nthawi yaitali pa bokosi lachitatu.
Ndinaganiza za mwanayo, za kachifuwa kolira ngati mluzu.
Ndinaganiza za loko wa pa sitolo yanga,
wotchipa, wa dzimbiri.
Kenako tsaya la Jomari, mizere inayi yotupa.

Sajeni Wenifredo Abellar.
Zilembo zazikulu, monga anatiphunzitsira.

Madzulo makina alavula pepala lalitali.
Ena akuwa, ena atukwana, mabomu a zikondwerero aphulika.
Wopambana si nkhani ya fomu yanga.
Mwa amayi asanu ndi awiri aja anabwerera atatu,
dzuwa litapendeka, kapitawo atapita kukadya.
Anayi aja palibe bokosi lawo.
Ndawalemba m'mphepete mwa pepala, mopingasa.

Inki ya pa chala changa ikukana sopo.
Mawa nditsegula sitolo 7 koloko.
M'buku la ngongole, tsamba la A,
mudakali mapeso mazana atatu ndi makumi anayi.
Akabwera, mankhwala a mwana ndimupatsa.
Dzina sindifufuta.