Dzira Lachisanu

Loweruka ku Leicester kunkacha mwaulesi,
mdima utakakamira pazenera ngati nsabwe mumsoko.
Ife sitinkadzutsidwa ndi wotchi:
fungo la mafuta otentha linkakwera masitepe,
kenako kachipangizo ka kudenga kaja nkuyamba kukuwa,
bambo nkumakakupiza ndi nsalu yopukutira mbale:
“Iwe, si moto umenewu, ndi soseji!”

Mayi ankatsika basi ya seveni koloko
atachezera kutembenuza nkhalamba za eni,
manja akununkha sopo wa kuchipatala.
Ankangokhala pampando, jasi osavula,
tiyi nkumazizira ali m'manja.
Ine ndi Tawina, masokosi osiyana mitundu,
tikulimbirana malo pafupi ndi chitsulo chofunditsa nyumba.

Nyemba za m'chitini, zotsekemera mopanda manyazi,
bambo ankazithira anyezi ndi kambuzi
kuti, ati, zidziwe kwawo.
Buledi wowauka mbali imodzi yokha,
majarini akuyenderera mpaka kuchigongono.
Tomato wodula pakati, wopserera kumaso.
Ndiye mazira.

Anthu anayi, mazira asanu.

Lachisanulo linali la Ulunji,
achimwene amene anatsala ku Balaka kwa azakhali,
mapepala awo atagona tulo mu ofesi ina yake.
Linkakhala pakambale kobiriwira kumapeto kwa tebulo,
likutiyang'ana ndi diso lake limodzi lachikasu
mpaka aliyense atanyambita zala.
Pamenepo bambo ankalidula pakati,
akuyeza ngati mmisiri wa matabwa:
“Eya, mudyereni mbale wanu.”
Tawina ankalira chikasu chikathawira mbali yanga.

Lamulungu linali la zitumbuwa.
Nthochi zakuda zija amalonda ankataya mtengo
msika ukamatsekedwa, mbale yonse paundi imodzi,
mayi ankazikanya ndi ufa wa kusitolo ya Amwenye.
Zitatu zinkadumpha mpanda kupita kwa Mayi Pritchard,
mbale nkubwerera itanyamula jamu wa malalanje
wowawa, amene tonse tinkamuyamikira monama.
Tikatero bambo nkukanda khadi la foni ndi kakobiri,
manambala ambirimbiri, kulakwitsa, kuyambiranso.
“Ulunji, wadya chiyani?”
Mawu ankafika mochedwa ngati akuyenda pansi.
Ine ndinkameza msanga,
kuopa angamve kuti ndikutafuna.

Zaka zinayi. Werengani nokha mazirawo.

Anafika mu Febuluwale, kunja kukuwaza matalala,
atawapitirira bambo msinkhu,
mawu atasanduka a munthu wina,
atavala juzi ya Tawina poti yawo inali yopyapyala.
Loweruka lake bambo analawirira kusanache.
Kachipangizo kanakuwa kawiri.
Kambale kobiriwira anakasiya m'kabati,
natulutsa mbale yaikulu, ya alendo,
dzanja likunjenjemera poyika dziralo.

Achimwene analiyang'ana, nayang'ana pansi.
“Pepani bambo. Mazira amandiyabwa thupi.
Ndinasiya kalekale.”

Zii.
Ketulo yokha ikupuma.

Mayi ndiwo anayamba.
Kuseka kunawatulukira m'mphuno,
anaseka mpaka kuvula jasi,
mpaka kugwira tebulo, mpaka sitinadziwenso
ngati kunali kuseka.
Ulunji anaviika buledi mu tiyi wa masupuni anayi a shuga.
Bambo anatenga mpeni osanena kanthu,
nayeza, nadula pakati,
theka kwa ine, theka kwa Tawina,
mwini wake ali pomwepo, akutiyang'ana.

Lero ndimakhala kutsidya kwa mzinda womwewo.
Mayi Pritchard anapita, mpanda uja anaugwetsa,
bambo anabwerera ku Balaka kukaweta nkhuku,
amati mazira akuno alibe kukoma.
Ulunji amayendetsa basi ya m'mawa,
mwina ndi yomwe ija ya seveni koloko, sindinafunse.
M'nyumba mwanga tilimo awiri, ine ndi mwana wanga Yamiko.
Loweruka ndimaswa limodzi, ndimaswa lachiwiri,
ndipo nthawi zina, mafuta akuthetheka,
Yamiko amandigwira mkono:
“Amayi, linalo ndi la ndani?”