Lachiwiri Lililonse ku Davenport

Kalata ya aphunzitsi inali yaifupi:
Tobin sakhazikika.
Anzake ali pa samu, iye maso pa zenera,
kuwerenga mabogi a sitima yodutsa pa mlatho.

Mnzanga wa ku fakitale ya mathirakitala
anandilembera dzina kuseri kwa risiti:
Lindqvist, wowongola msana.
Akuti khosi likakhala m'malo mwake, maganizo amatsatira.
Sindinakhulupirire. Sindinakanenso.
Mayi wotopa sasankha khomo logogoda.

Ndiye Lachiwiri lililonse, ikakwana folo,
ndimapala chipale pa galasi la galimoto,
ulendo wa kutauni.

M'chipindamo muli bedi loboola pakati, poika nkhope,
ndi msana wa pulasitiki wolendewera pa mbedza.
Lindqvist amayamba wafikisa manja kuti afunde.
Amayenda ndi zala pa mfundo iliyonse
ngati wofufuza kiyi mu mdima.
Puma. Tulutsa mpweya.
Khwa!
Mwana kuseka, nkhope ili m'bowo.
Ine kutsinzina.

Dokotala wa ana nditamuuza anangokweza mapewa:
umboni wake ndi wochepa, mayi.
Aphunzitsi akuti mwina, pang'ono, masiku ena.
Madola makumi anayi ndiwo osakayikitsa,
amachoka ndithu.

Koma wailesi ya m'galimoto inafa chaka chatha,
ndipo foni imakhala m'chikwama, ku mpando wa kumbuyo.
Sabata yachisanu, titaima pa maloboti,
Tobin analoza ku Mississippi,
pamene madzi sanaume, kumunsi kwa damu.
Ziwombankhanga, amayi. Khumi ndi zitatu.
Anayamba kufotokoza
chifukwa chake zazing'ono zilibe mutu woyera,
mmene chimodzi chimalandira chinzake nsomba m'malere,
chija chothothoka nthenga kuphiko lamanzere
chomwe wakhala akuchiona kuyambira Disembala.
Mphindi makumi awiri, nkhani imodzi,
osadumpha, osasochera.

Ndipo ine ndinamva mpaka kumapeto.
Sindinaganize za lendi,
kapena za shifiti ya mawa,
sindinati eya, eya, mtima uli kwina.
Wa m'mbuyo anachita kutiimbira hutala.

Kuyambira Disembala, ati.
Ine ndinali kuti?

Dzulo Lindqvist, akupukuta manja,
anafunsa ngati pali kusintha.
Ndinagwira khosi langa,
lomwe iye sanalikhudzepo.
Kulipo, ndinatero.
Analemba m'buku lake.
Sanafunse kuti kwa yani.