Nsomba pa Wilibala

Lolemba m'mawa anandipatsa wilibala.
Ine Lekani Miti, mesenjala,
amene ndakalambira pakhonde lino ndi tsache m'manja,
akuti nyamula nsomba zonse za chigawo chino
uwoloke nazo msewu.

Nsomba zake n'zamapepala.
Mafayilo omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga,
ili la Luangwa, ilo la damu la ku Lundazi,
lina la maiwe a ku Katete
chiswe chinalilawa kale pakona.
Kalata yochoka ku Lusaka yati
kuyambira lero nsomba si za khomo lino,
zakwatiwa ku unduna wina.

A Shawa sanayankhule.
Munthu amene ankayeza maso a ukonde ndi zala ziwiri,
wodziwa msodzi aliyense ndi chigamba cha bwato lake,
amusiya kuno aziwerenga matumba a feteleza.
Anatsegula dilowa, naponyamo chidindo chakale,
inki ikadali yonyowa.

Pakati pa msewu, wilo likulira,
ndinakumana ndi mayi Tisiyenji Daka a ku Nyimba,
fungo la pale wowamba lili m'chitenje.
Madengu awo atatu agwidwa pa lodibuloko,
wapolisi akufuna pepala.
Khomo lakale lawauza kuti pitani kutsidya.
Kutsidya akuti kiyi wa kabati sanabwere,
chidindo chatsopano akusemabe,
mubwere Lachinayi.

Lachinayi liti, mwanawe? anandifunsa.
Nsomba youma nayo imafumbwa.
Chiletso cha Disembala chili pakhomo,
fizi ya mtsikana wanga ili m'madengu omwewo.

Ndinayang'ana pansi.
Dzina lawo ndinali nalo ine,
penapake pakati pa fayilo lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi,
mitala makumi awiri kuchoka kwa mwini wakale,
makumi awiri kukafika kwa watsopano.
Anyamata a njinga zakabaza ankandiimbira belu
kuti mdala chokapo.

Mphepo yotsika m'phiri la Kanjala
inasolola tsamba limodzi n'kuligwetsa m'ngalande.
Mayiwo ndiwo analitola,
nalipukuta pa bondo, nandibwezera,
osadziwa kuti mwina ndi lawo.

Ku Luangwa mcheni sunamve kalikonse.
Ukuthamangitsa matemba monga dzana,
ndipo usiku uno wina aponya neti ya udzudzu m'madzi
podziwa kuti sabata ino mtsinje ulibe mwini.

Ndinatula katundu pakhonde latsopano.
Kalaliki wachinyamata, tayi wofiira,
anawerenga mafayilo kawiri, nasaina,
nandifunsa ngati pale ndi chambo n'chimodzi.

Madzulo ndinabweza wilibala.
A kusitolo akuti ayi, inalembedwa pamodzi ndi nsomba,
si yathunso.
Ndinawolokanso. Kutsidya atseka.
Ndiye ndapita nayo kwathu ku Mchini,
yagona kuseri kwa bafa,
ikudikira Lachinayi pamodzi ndi mayi Daka.