Mabuku a Nkhunzi

Nyumba iyi ndinaidziwira ku khomo lakuseri,
kumene bambo anga, a Sandalamu Mwachande,
ankatsamiritsa njinga kusanache,
atapalasa kuchokera ku Mbare, chisanu chili m'zala.
Kumaso kunali chikwangwani cha mkuwa,
Likulu la Bungwe la Oweta Ng'ombe za Mtundu,
ndi mutu wa nkhunzi wosema pamwamba pa chitseko,
nyanga imodzi yobenthuka chikwezereni.

Amati poyamba panali chisakasa cha malata,
tebulo, sikelo, ndi mzungu wa kaliwo
wolemba mayina a mathole ngati akubatiza.
Njerwa zinadza chaka chimene nyama inakwera mtengo.
Anaziumba ndani, palibe buku likunena.

Koma mabuku analipo, mayi wanga ine!
Chipinda chathunthu, zikuto zachikopa,
fungo la inki ndi mankhwala a njenjete.
Loweruka ndinkagwirira bambo makwerero
iwo akupukuta fumbi shelefu ndi shelefu.
Tsiku lina ananditsegulira limodzi:
Werenga, Nasiwelo, iwe wa sukulu.
Ndinawerenga za Dombo Wachinayi,
amake, agogo ake, agogo a agogo,
mibadwo isanu ndi iwiri yosasowa tsiku,
kulemera kwake pobadwa, utali wa linunda,
ngakhale dzino limene linaguluka ku dibi.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola.
Chitupa chawo chinali ndi mawu amodzi okha: mlendo.
Mudzi wa kwawo mlembi anaulemba mokhota,
chaka chobadwa anachita kuyerekeza
poyang'ana ndevu.

Ufulu utabwera, chitseko chakumaso chinafewa.
Analowa a Mutasa a ku Chivhu, nsapato zili ndi ndowe,
nafunsa chifukwa chake ng'ombe za makolo awo,
zazing'ono zija zosaopa nkhupakupa,
zinalibe tsamba.
Mkangano unatha misonkhano itatu ndi makapu awiri osweka.
Kenaka linagulidwa buku latsopano, lobiriwira,
ndipo bambo analipukuta koposa onse.

Chilala chinadza, masamba anadzaza mitanda:
yafa, yafa, yagulitsidwa, yafa.
Minda itasintha manja, makalata ankabwerera osatsegula,
foni ya pa tebulo inaiwala kulira,
zikho zasiliva zinatuluka usiku chimodzichimodzi
m'chikwama cha munthu amene tonse tinkamudziwa.
Malipiro a mwezi sankakwana basi yobwerera.
Bambo ankapitabe.
Pansi sipadziwa kuti ndalama yagwa, ankatero,
pamafuna polishi basi.

Tinawaika m'manda a kumadzulo kwa mzinda, mvula ikuwaza.
Ku bungwe kunachokera nkhata ya maluwa
ndi khadi lolembedwa Sande.

Dzulo ndinadutsako, jakaranda atathothoka pa msewu.
Chipinda chapansi muli okonza mafoni,
holo ya misonkhano ndi tchalitchi cha masipika anayi,
pakhonde mtsikana akugulitsa mazira owiritsa.
Bungwe latsala m'kachipinda kam'mwamba,
mnyamata mmodzi, Tinomuda, ndi kompyuta yake,
akusamutsa mibadwo ya ng'ombe tsamba ndi tsamba
chiswe chisanamalize.

Ndinamupempha buku la ogwira ntchito.
Anafunafuna, nagwedeza mutu:
limenelo mwina silinasungidwe, amayi.
Ndiye ndipatse la Dombo Wachinayi.

Ndinalipeza tsamba lija, lachita chikasu.
M'mphepete mwake, pansi pa agogo a nkhunzi,
pali chidindo cha chala chachikulu,
chofiira ndi polishi wa pansi,
mzere wa chipsera cha mpeni ukuoneka bwinobwino.

Ichi usachisiye, ndinamuuza Tinomuda.
Anayang'ana kompyuta, nayang'ana ine,
nati mulibe bokosi lolembamo zotere.
Ndinakoka mpando.
Tsegula lina, ndinatero,
ndikuuza dzina lonse, ndi la amake,
ndi mudzi, kalembedwe kake koyenera.