Kaundula wa Nyumba ya pa Chitunda

Andipatsa kaundula wakale kuti ndimupukute fumbi,
poti m'nyumba muno ndine ndekha amene maso akadaona.
Chikuto chake chafewa ndi chinyezi cha kuno ku Wales,
kumene mvula sidziwa kalendala.

Tsamba loyamba, 1908, dzanja la Gwenllian Prydderch,
zilembo zopendekeka ngati munthu wokwera phiri.
Mwamuna wake Idwal anasema miyala yofolera madenga
zaka makumi atatu,
mpaka fumbi la mumgodi linamanga nyumba m'mapapo mwake.
Kampani inatumiza kalata yachipepeso,
ndi ina, sabata yomweyo, yoitanitsa makiyi.

Sanalire pagulu. Anatenga chitini cha tiyi,
naboola chivindikiro ndi msomali,
nakaima pachipata cha mgodi tsiku lamalipiro.
Kobiri limodzi, abambo. Limodzi basi.
Ena anaponya. Ena anayang'ana nsapato zawo.
Wina anaponyamo batani la jekete,
ndipo iye analemba: batani limodzi, lakuda, talandira.

Zaka zisanu ndi chimodzi chitini chikudzaza, chikukhuthulidwa.
Anagula nyumba ya wophika buledi,
yotsamira chitunda, uvuni ukadali m'kati.
Mabedi anayi, onse opempha.
Oyamba kulowa: Emrys wogontha,
akazi awiri apachibale a kwa Cadwaladr
amene sankalankhulana koma ankafunda bulangete limodzi,
ndi mkulu wina wolembedwa kuti dzina wakana kutchula.

Kenaka masamba akuthamanga.
Malasha. Sopo. Malasha. Bokosi lamaliro. Malasha.
1931, mgodi watseka, zopereka zauma,
komiti yagulitsa piyano.
1934, wina wabweza piyanoyo usiku pangolo, osasiya dzina.
Nthawi yankhondo denga linadontha miyezi isanu ndi itatu
m'tauni imene inafolera nyumba za anthu akutali.

Apa m'pamene chala changa chaima.
Nambala 63: Gwenllian Prydderch, wamasiye, zaka 84, alibe kanthu.
Komiti inakhala kawiri kukambirana ngati akuyenera,
pakuti lamulo lachinayi linkafuna mboni ziwiri za umphawi,
lamulo lolemba iye mwini.
Anadikira pabenchi, kachikwama pamiyendo,
mpaka mboni yachiwiri itabwerako kumsika.
Akuti anakana chipinda cholowa dzuwa.
Akuti anadandaula kuti tiyi wachepa masamba.

Lero tilipo makumi atatu ndi awiri.
Kuli chikepe, kuli belu pamutu pa bedi,
kuli anamwino ochokera kutsidya la nyanja
amene amakumbukira tsiku langa lobadwa kuposa ana anga.
Uvuni uja anautseka ndi njerwa,
koma Eurwen wa m'chipinda chachisanu amalumbira
kuti kukazizira m'mamawa khomalo limanunkhira buledi.
Ndalama zimabwerabe mokwawa:
kasitolo ka zovala zakale, mpikisano wa makeke,
chuma chimene anasiya mphunzitsi wina wopanda mwana.
Mwezi watha kunabwera amasuti kudzayeza bwalo ndi tepi.
Sitinawafunse. Sanatiuze.

Ine ndinalowa chaka chatha
ndikudziwa kuti ndadzadya thukuta la eni,
ndipo supuni inkandilemera m'dzanja.
Ndafufuza masamba onse oyambirira
kufuna dzina la atate a bambo anga, Caradog Meredydd,
amene anagwira mumgodi womwewo,
kuti mwina ndinganene kuti bedi ili tinalipirako.
Mulibe.

Koma pachithunzi chawo chili pawindo langa,
aima chilili, ndevu zopesa, chipewa m'manja,
ndipo jekete lawo likusowa batani lachitatu.
Mwina linagwa lokha. Mabatani amagwa.

Chitini chija chikadalipo pakhomo lolowera,
chadzimbiri, pafupi ndi maambulera.
Mawa, anamwino akatembenuka,
nditsika ndi ndodo yanga masitepe khumi ndi anayiwo
kukabweza kobiri limodzi
ndi chiwongoladzanja cha zaka zoposa zana.